Ndinatsika Basi ya ku Oadby

Ana anga, Lonjezo ndi Dalitso, ndi inu adzukulu anga amene Chichewa mumachimva koma kuyankha mumayankha m'Chingerezi, khalani pansi ndikuuzeni za ntchito. Ine Felesiya Naphiri sukulu ndinalekezera Sitandade 3. Cholembera chimandilemera kuposa simbi, ndiye mukaona mawu akupendama musaseke, awongoleni. Za ubwana wanga ndidumpha, munazimva kale mpaka kutopa nazo. Ndikufuna ndilembe za manja awa, kumene anagwira, kumene anawakana, ndiponso za tsiku limodzi lomwe ndinataya ntchito ndisanaiyambe n'komwe.

Chaka chomwe ndinafika, Lonjezo ali Fomu 4

Ntchito yanga yoyamba inali ku Limbe, m'nyumba ya a Yusufu, amwenye a sitolo ya nsalu. Bambo anu anali atamwalira, inu awiri ndinakusiyani ndi agogo anu ku Chiradzulu. Ndinkachapa, ndinkasita, ndinkaimba. Ee, ndinkaimba ine! Akazi awo, mayi Zainabu, ankati, "Felesiya, ukasiya kuimba ndimadziwa kuti malaya apsa." A Yusufu atasamukira kuno ku Leicester kutsatira abale awo, ananditenga, mapepala anayendetsa okha. Ndinatsika ndege ndi chitenje ndi kajuzi kamodzi, mphepo n'kundimenya mbama ngati ndaba kanthu.

Zaka ziwiri ndinali wa m'nyumba ku Highfields. Kenako a Yusufu anatsegula fakitale yosoka zovala za amayi, pamwamba pa chinyumba chakale cha njerwa zofiira. Anandiitana nati, "Felesiya, simbi ya m'nyumba yakuchepera, bwera uone yaikulu." Inali pulesi, chimakina chokhala ndi pakamwa ngati ng'ona. Umayala diresi, ukaponda chopondera chimatseka, nthunzi n'kutuluka phwii! Tsiku loyamba ndinathawa mpaka pakhomo. Tsiku lachitatu ndinali nditachipekera kale nyimbo: nthunzi iwe, nthunzi iwe, usandiphe ndili ndi ana, diresi iwe, diresi iwe, pita ukavine ku London.

Zaka khumi ndi zinayi za pa pulesi

Mapulesi anali awiri, oyang'anizana. Inayo inali ya Agnesi Tembo, mayi wa ku Chipata, wamfupi, wa liwu ngati la kondakitala. Tsiku lomwe anayamba anandimvetsera m'mawa wonse, kenako anati, "Ba Felesiya, imwe muimba monga muli pa ukwati. Kansi amakulipirani zingati kuti nane niziimba?" Ndinati, "Achemwali, imbani kaye, malipiro mudzawamva kumwamba." Kuyambira tsiku limenelo ine ndikayambitsa iye ankapolokoza. Atsikana a pa makina osokera, Agujarati, Apolishi, Asomali, samamva mawu koma ankagwedeza mitu. Tinkapsa limodzi mikono, tinkadzolana mafuta, chakudya tinkadyera m'kontena imodzi titakhala pa mabokosi a mahang'ala. Iye ankanyoza nyemba zanga kuti zilibe mchere, ine ndinkanyoza chikanda chake kuti ndi sopo. Zaka khumi ndi zinayi, maso ndi maso, nthunzi pakati.

Zaka zimenezo ndiye zinali zaka! Maoda ankabwera ngati mvula ya Januwale. Ndinakuitanitsani inu awiri, munabwera, munaphunzira. Iwe Lonjezo unakhala nesi, iwe Dalitso unapita ku Corby ku mawerahausi osungira katundu. Mutakwatira ndi kukwatiwa ndinapeza kanyumba kangakanga, chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya masamba. Kanali kozizira, makoma ankatuluka thukuta, koma khomo linali langa. Ndikafuna kuimba m'bandakucha ndinkaimba, ndikafuna kukazinga usipa ndinkakazinga, wondiuza kuti tsegulani windo panalibe.

Chaka chachisanu ndi chimodzi amayi anga anamwalira ku Chiradzulu. Uthenga unandipeza pa pulesi. Ndinangoima, diresi ili m'manja, kulira kukukana kutuluka. A Yusufu anatuluka mu ofesi, anazimitsa makina anga ndi dzanja lawo, nazimitsanso a Agnesi. Nthawi imeneyo anali atasiya kunditchula kuti iwe. Anati, "Amayi Felesiya, maliro ndi maliro. Pitani kunyumba mukakhale. Agnesi, aperekezeni, musabwere mpaka atadya." Madzulo anatumiza thumba la mpunga, mayi Zainabu anabwera, anavula nsapato, anakhala nafe pansi. Sabata yonse sindinaponde kuntchito ndipo palibe anandifunsa pepala. Ndiye ine ndinati, eya, kuno ku Mangalande nakonso anthu amadziwa maliro. Sindinadziwe kuti lamulo limenelo silinali la Mangalande. Linali la ku Limbe, a Yusufu anangolinyamula m'sutikesi.

Chaka chomwe mdzukulu wanga Tamanda anayamba sekondale

Maoda anayamba kuchepa pang'onopang'ono, ngati madzi a pampopi m'chilimwe. Ankati masitolo akuluakulu apeza kosoketsa kotchipa kunja kwa dziko. Tinayamba kugwira masiku anayi, kenako atatu. M'nyengo yozizira anasiya kuyatsa zotenthetsera, atsikana ankasoka atavala magolovesi odula zala, n'kumabwera kudzaotha nthunzi kwa ife. A Yusufu anali atakalamba, fakitale ankayendetsa mwana wawo Imrani, yemwe ndinamusambitsa ndi manja awa ali khanda. Lachisanu lina, atachokera ku mzikiti, Imrani anatisonkhanitsa. Analankhula m'Chingerezi, maso ali pansi. Atamaliza, bambo ake anabwera kwa ine ndi ndodo yawo nati, "Amayi, malonda afa. Ndayesa, Mulungu ndi mboni." Ndinati, "Bwana, tikatani ife?" Anangondigwira mkono pomwe pali zipsera.

Agnesi sanagwirenso ntchito. Chifuwa chinali chitamuyamba kale, anakakhala kwa mwana wake Misozi, yemwe amalera yekha ana awiri. Ine Dalitso anandilembetsa ku ejensi ya ku Corby. Ejensi ndi ganyu wovala suti, ana anga. Madzulo umadikira meseji pa foni. Ikabwera, mawa kuli ntchito, ukakwere basi ya shifiti kusanache. Ikapanda kubwera, khala. Werahausi yake inali yaikulu ngati msika wa Limbe uli ndi denga, ndipo kuimba ankaletsa. Anandimangirira kamakina padzanja kondiuza katundu woti nditole. Kankalemba m'Chingerezi, kankathamanga, ine ndikamawerenga liwu loyamba iko kafika kale pa lachisanu, n'kumalira tswii, tswii. Kamnyamata kena kovala jekete lachikasu, koyang'anira mzere wathu, kankandionetsa pa kompyuta kuti ndili kumapeto kwa onse. Ndinati, "Mwana wanga, ndipatse simbi uone." Kanaseka, si mwachipongwe ayi, kanati kuno kulibe chosita. Khrisimasi itadutsa, foni inangoti zii. Ndinkaiyang'ana, ndinkaigwedeza, ndinakaionetsa kwa mnyamata wa mafoni kuti mwina yafa. Foni inali bwinobwino.

Lachinayi lililonse, chaka chathunthu

Ndiye ndinayamba kupita kosaina. Ndi ofesi ya boma komwe anthu osowa ntchito amakalembetsa kuti azilandira kangachepe kogulira chakudya ndi kulipira nyumba. Ine anandiika Lachinayi lililonse, teni koloko. Unkayenera kusonyeza kuti sabata yonse wakhala ukufunafuna ntchito, ndipo zonse zinali za pa kompyuta. Tamanda, mwana wa Lonjezo, ndiye ankandilembera akaweruka kusukulu. Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi ndi ziwiri, penshoni inali itatsala zaka zinayi. Zaka zinayi, ana anga, ndi mtunda wautali ukamayenda ndi mawondo ngati angawa.

Pa mipando yodikirira ndinaona dziko lonse. Bambo wachizungu yemwe anakonza makina oluka masokosi moyo wake wonse, atavala tayi ngati akupita kutchalitchi. Amayi a m'masitolo a m'tauni omwe anatsekedwa. Anyamata a madigiri, mahedifoni m'makutu, osayang'ana munthu. Anzanga a kufakitale tinkapatsana moni ndi maso okha. Kunyumba wailesi inkanena kuti chiwerengero cha anthu opempha thandizo chakweranso, kenako n'kubwera akatswiri a zachuma kudzatanthauzira. Wina ankati zinthu ziyamba kuwongokera chaka chamawa, wina ankati ayi, tidikire kaye. Ine ndinkaiyankha wailesiyo, "Chiwerengerocho ndine, bambo! Chili pano chikuphika tiyi wopanda mkaka!" Chaka chamawa chinafika, anatinso chaka chamawa. Ndinapeka kanyimbo ka panjira: Lachinayi, Lachinayi, mwamuna wanga Lachinayi, sundiveka sundidyetsa, koma kukusiya sindingathe.

Wondisainitsa anali mayi Suzani, mzungu wonenepa, magalasi olendewera pa chingwe. Ndisamunamizire, anali munthu. Ankandiuza mosabisa kuti ndalama ya nyumba sikukwanira lendi yanga ndipo ndikapanda kupeza ntchito yokhazikika kanyumba kaja ndidzakasiya. Zimenezo ndinkazidziwa kale, mwini sitolo anali atayamba kundipatsa moni wouma. Tsiku lina ndikulowa ndinapeza mayi Suzani akumwetulira. Anati, "Mayi Phiri, ndakupezerani yanuyanu. Nyumba yosungira okalamba ku Oadby ikufuna munthu wochapa ndi kusita. Si ya ejensi, ndi yokhazikika. Kompyuta kulibe. Akufuna akuoneni mukugwira Lolemba, naini koloko. Ofuna ndi ambiri, koma ndawauza kuti muli ndi zaka makumi awiri pa simbi." Ndinaimirira, ndinavina pomwepo, pakati pa matebulo! Mlonda anabwera akuthamanga. Mayi Suzani anaseka mpaka magalasi kugwa, kenako anandigwira dzanja nati, "Musachedwe. Chonde, musalephere."

Loweruka ndinapita kuchipatala kukamuuza Agnesi. Anali ataonda, mpweya akupumira m'kapaipi, koma pakamwa panali pomwepo. Anati, "Ba Felesiya, mukapita ku Oadby musakaimbe ija ya nthunzi, muzapha nkhalamba za bene." Ndinati, "Ukachira ndidzakulowetsa, tidzakhale awiri." Anati, "Awe, ine napuma. Nikazachoka muno nifuna chabe nyemba zanu zija zilibe mchere."

Lolemba lija

Ndinadzuka ndi nyimbo. Ndinasita bulauzi yoyera kawiri, ndinavala nsapato za kutchalitchi, ndinakwera basi ya ku Oadby nthawi idakalipo yambiri. Tinadutsa sitesheni ya sitima, tinadutsa paki, nyumba zinayamba kukula, mitengo, magalimoto awiriawiri pakhomo. Mumtima ndinkati, Felesiya, zaka zotsalazi wazidumpha, khomo lako lakhala. Foni inalira. Anali Misozi. Sanapereke moni. Anangoti, "Amama, amayi atisiya. Nili nekha, amama. Sinidziwa chochita." Kumbuyo ndinkamva ana akulira.

Ana anga, ndikanakonda kukuuzani kuti ndinalimbana ndi maganizo, kuti ndinayeza uku ndi uku. Ndinganame. Dzanja linapita lokha pa belu. Basi inaima, ndinatsika, ndinawoloka msewu. Ndili pa siteji ya mbali inayo m'pamene mutu unandiuza kuti, Felesiya, Oadby watsala pang'ono, pita ukasite maola atatu, Agnesi sathawa. Ndinayang'ana kumene basi ija inkalowera. Koma kwathu uthenga wa maliro ukakupeza kumunda umasiya khasu pomwepo, sumaliza mzere. Mwana wamasiye wakuitana kuti amama, iwe n'kumuuza kuti dikira ndikasite mapilo a azungu? Ndiponso ndinkati bwana aliyense akamva kuti kunali maliro amvetsa, si a Yusufu anazimitsa okha makina? Pepala la nambala ya ku Oadby linali m'chikwama. Sindinaliganizire n'komwe. Munthu ukulira mnzako, ungayambe kuimba mafoni opepesa?

Ndinayamba kulira ndili pakona ya msewu wawo, mokweza, monga timachitira, kuti nyumba idziwe kuti kwabwera munthu. Makatani a aneba anagwedezeka. Misozi anatsegula, anandigwera. M'nyumba munali iye ndi ana basi, TV ikuyaka. Ndinaizimitsa. Tinakankhira masofa kukhoma, ndinayala zitenje pansi, ndinamukhazika, ndinamufunditsa. Ndinaimbira amayi a kutchalitchi. Anthu ankafika mmodzimmodzi, ambiri madzulo ataweruka, ena ndi mayunifomu. Iwenso Lonjezo unabwera utamaliza shifiti yako. Anthu ankangoyang'anizana, chifukwa ana a masiku ano nyimbo za maliro amazidziwa pakati pokha, poyambira sadziwa. Ndinayambitsa ine. Ndinayambitsa, ndinadikira liwu lija la kondakitala kuti lipolokoze, osabwera. Apo m'pamene ndinadziwa kuti Agnesi wapitadi. Ndinakhala m'nyumba imeneyo masiku atatu.

Lachinayi la sabata yomweyo

Ndinapita kosaina ndi duku kumutu, mawu atasasa. Mayi Suzani sanamwetulire. Anati, "Mayi Phiri, ku Oadby anakudikirani mpaka leveni. Chinachitika n'chiyani?" Ndinati, "Kunali maliro." Nkhope yawo inafewa, anati pepani, anakokera kompyuta pafupi. "Anali m'bale wanu?" Ndinati, "Mchemwali wanga." Anati, "Mayi mmodzi?" Ndinati, "Ayi, wa ku Zambia. Tinagwira limodzi ntchito." Zala zawo zinaima. "Ndiye anaikidwa Lolemba?" Ndinati, "Ayi, kuika ndi pakatha masabata atatu, kuno mumachedwetsa." Anavula magalasi. "Nanga Lolemba munakatani kumeneko?" Ndinati, "Ndinakakhala." Anati, "Kukhala basi?" Ndinati, "Kukhala, ndi kuimba."

Anati, "Bwanji simunaimbe foni? Mphindi imodzi yokha." Ndinalibe yankho loti lilowe m'Chingerezi. Anati alemba zonse monga ndanenera, koma oweruza ndi ena, a ku ofesi ina, omwe sadzandiona nkhope. Pa fomu panali malo a imfa ya m'bale weniweni, panali malo a tsiku loika maliro. Malo a kukhala pansi ndi mwana wa mnzako panalibe. Kalata inabwera mu envelopu ya bulauni, Tamanda anandiwerengera. Ankati ndinalephera kupita kuntchito yomwe anandipezera popanda chifukwa chomveka, ndipo thandizo aliimitsa kwa masabata angapo.

Iwe Lonjezo unakalipa, ukukumbuka? Unati, "Amayi, kuno si ku Chiradzulu! Ine ndinamva uthenga womwewo, ndinamaliza shifiti, ndinabwera. A Agnesi anadandaula?" Ndinati, "Misozi anali yekha." Unati, "Nanga inu panopa muli ndi ndani?" Unalira, nanenso ndinalira. Sunalakwe, mwana wanga. Ndikulemba pano kuti udziwe kuti sunalakwe.

Koma ndinati munthu ukalakwa umapita wekha kukapepesa, sutuma kalata. Titaika Agnesi ndinakazinga mandasi, ndinawaika m'kontena, ndinakweranso basi ija, ulendo uno mpaka kufika. Nyumba yake inali yokongola, kapinga wometa bwino, nkhalamba zili pa mawindo. Manijala anali bambo wachinyamata, dzina lake a Filipi. Nditalowa mu ofesi ndinagwada. Anadzidzimuka, anazungulira tebulo, "Chonde, chonde, dzukani mayi, mwadwala?" Ndinati sindinadwale, ndabwera kudzapepesa, ndine uja sanabwere Lolemba. Ndinafotokoza zonse ndi Chingerezi changa chothyokathyoka. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati malo aja anapereka tsiku lomwelo masana. Anatsegula kabati nandionetsa mulu wa mapepala a anthu ena ofuna malo amodzi omwewo. Anati, "Kale tinkasowa anthu. Pano onani."

Ndinati, "Bwana, ndiloleni ndisite chinthu chimodzi chokha, mungoona." Sindidziwa chifukwa chake analola, mwina manyazi. Ananditengera kochapira. Kunali mtsikana wa ku Romania, wamng'ono kwa Lonjezo, anandiyang'ana ndi mantha ngati ndabwera kudzamulanda mwana. Ndinatenga shati ya nkhalamba ina, ya mizeremizere. Kolala kaye, kenako mapewa, mikono, kumbuyo, mabatani komalizira. Manja anakumbuka okha, ana anga, anavina okha! Ndinaipachika pa hang'ala, inaima ngati muli munthu. A Filipi anaizungulira nati sanaonepo shati yositidwa chotero. Anati pakapezeka malo adzandiimbira. Mandasi anakana mwaulemu, ati malamulo salola chakudya chochokera kunja. Ndinampatsa mtsikana uja pakhomo. Anatenga awiri, anati zikomo, maso ake akupepesa. Foni imeneyo sinalirepo.

Miyezi itatu itatha ndinabweza kiyi kwa mwini sitolo. Dalitso anabwera ndi vani, katundu wa zaka zonsezo anakwana ulendo umodzi. Ndinalowa m'kachipinda kakumbuyo kwa Lonjezo, momwe ndikulembera pano. Apongozi anga ndi munthu wabwino, sanandinenepo kanthu, koma amagwira ntchito usiku ndipo masana amagona. Ndiye ndimaimbira m'kamwa, ngati njuchi ili m'botolo. Zaka zotsalazo ndinazikwawa ndi timaganyu tokolopa maofesi, maola awiri apa, atatu apo, ndi Lachinayi, mpaka penshoni inandipeza ndili wotopa kale.

Chaka chino

Wailesi ikunenabe zomwe zija. Chiwerengero chakwera, chatsikako pang'ono, chakweranso, akatswiri ati tidikire chaka chamawa. Mawu a akatswiri asintha, ndi ana atsopano, koma chaka chamawa n'chomwe chija. Dalitso werahausi yake yaika makina otola okha katundu, shifiti zake zatsala ziwiri pa sabata. Tamanda, yemwe ankandilembera mafomu, anamaliza yunivesite, tinavina, ndinalulutira mpaka azungu kutembenuka. Lero miyezi isanu ndi itatu akulemba mafomu ake, ndipo amakasaina ku ofesi yomwe ija. Mayi Suzani anapuma pa ntchito. Mwanayu sandiuza, koma ndimamumva akabwerako, amatseka chitseko pang'onopang'ono.

Mukandifunsa ngati ndinalakwa kutsika basi, sindidziwa. Misozi mpaka lero amanditchula amama, ana ake amabwera kudzandiona. Nditabwerera m'basi muja mwina dzanja likhoza kupitanso pa belu, ndinaleredwa choncho, sindingadzisule. Koma inu ndikukuletsani. Ndinamuuza Lonjezo tsiku lina tikutsuka mbale, anati, "Amayi, musayambe zimenezo." Ndinati ndiyamba, ndipo ndilemba kuti pasadzakhale wonena kuti sanamve.

Tsiku langa likadzafika, uthenga ukakupeza pa shifiti, maliza shifiti. Ukakupeza pa mzere wosaina, saina. Tamanda, mdzukulu wanga, ukakupeza uli pa basi kupita ku intaviyu, pukuta maso, khala pampando, manja uwaike pa miyendo. Ukalowe, ukamwetulire, ukayankhe mafunso awo onse. Wina wa kutchalitchi akadzanena kuti ana a Naphiri alibe mwambo, mudzamuonetse tsamba lino, ndalola ndine. Mudzabwere madzulo mutaweruka, mudzakankhire masofa kukhoma. Woyambitsa nyimbo sadzakhalapo, ndiye yambirani pakati pomwe mukudziwapo.